Walleye zikangonunkhiza nyambo n'kubwerera: tisamuke kapena tidikire?

Mphatso, St. Cloud: Akuluakulu moni nonse. Ndithandizeni nzeru. Loweruka tinali pa Mille Lacs, nyanja ya ku Minnesota kuno ku America, ndi anzanga a kuntchito, tinabwereka kanyumba kowedzeramo pamwamba pa ayezi, poti nyengo yozizira madzi apamwamba amasanduka ayezi. Tsiku lonse palibe nsomba ya walleye ngakhale imodzi inatulukira pabowo la pa ayezi. Chopweteka n'choti pa Vexilar, makina oonetsa nsomba zimene zili pansi pa madzi, zimaoneka ndithu. Mzere wofiira woimira nsomba umanyamuka pansi, kukwera mpaka pamene pali nyambo, kuima pang'ono, kenako kubwerera kwawo. Nyambo inali Jigging Rap, yochita kupanga yooneka ngati kansomba, yaikulu ndithu, ndipo ndimaigwedeza mwamphamvu. Loweruka likudzali ndikufuna kubwereranso. Ndisinthe malo, ndisinthe nyambo, kapena Januwale ndi mwezi wongokhala m'nyumba n'kumamwa tiyi?

Yamikani, Minneapolis: Aise, tiyi amamwedwanso m'kanyumba momwemo. Ena a ife timapitira zomwezo, nsomba n'zongowonjezera.

A Gondwe, Winnipeg: Mphatso, vuto lako ndi kanyumbako. Ukabwereka kanyumba wadzimangirira pa mabowo amene anakubowolera eni ake. Ife kuno pa Lake Winnipeg, kumbali ya Matlock kapena Balsam Bay, sitikhala pansi. Auger yobowolera ayezi m'manja, flasher (makina onga Vexilar) m'manja, mabowo mndandanda. Bowo likatha mphindi 15 osaonetsa kanthu, ndapita. M'nyengo yozizira nsomba siziyenda mtunda wautali kufuna chakudya, ndiye iweyo uziyenda kuzifuna. Samuka basi.

Bambo a Tadala, Fargo: A Gondwe, ndikupemphani muwerengenso uthenga wa mnyamatayu. Sakunena kuti sikirini inali mbee. Akuti zimabwera mpaka pa nyambo. Matenda ndi awiri apa ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Pali tsiku limene nsomba palibe pansi pako. Limenelo inde, nyamula katundu. Palinso tsiku limene zilipo koma zikukana zimene wazipatsa. Ukasamuka tsiku lotero wathawa nsomba zimene unazipeza kale, n'kukayambanso kusaka zina zimene zikakukanenso chimodzimodzi, poti nyambo ndi yomweyo ndipo dzanja ndi lomwelo. Mphatso, tandiuza ziwiri: munachoka nthawi yanji, ndipo mzere uja ukamayandikira iweyo umatani?

Mphatso, St. Cloud: Tinanyamuka cha m'ma 3 koloko, anzanga amafuna kukafika kusanade. Mzere ukayandikira ndimawonjezera kugwedeza kuti iione bwino.

Bambo a Tadala, Fargo: Ndiye nkhani ili pamenepo. Madzi a Mille Lacs ndi oyera kwambiri, makamaka chilowereni zebra mussel, nkhono zazing'ono za m'madzi, zimene zinapezekamo mu 2005. Tizilomboti timasefa madzi, kuwala kumafika pansi. M'nyanja yotero walleye zimadya kwambiri m'bandakucha ndiponso dzuwa likamalowa. M'Januwale dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko. Inu munachoka msika ukungotsegulidwa kumene.

Za dzanja: kugwedeza mwamphamvu ntchito yake ndi kuitana. Yabwera? Usiye kuitana. Chepetsa, nyambo izingonjenjemera pamalo amodzi. Ikapanda kudya, kweza nyamboyo pang'onopang'ono ngati ikuthawa, inchi imodzi, ziwiri, fiti imodzi. Walleye imene yatsatira nyambo kuchoka pansi nthawi zambiri imadya, ndipo ikakwera kwambiri m'pamenenso mwayi umakula. Chimene usachite ndi kugwetsera nyambo pamphuno pake kapena pansi pake. Kansomba kamene kakuopa kudyedwa sikathamangira kukamwa kwa mdani.

A Nachisale, Duluth: Ndiwonjezepo pa zimene anena bambo a Tadala. Mphatso mwanawe, ndodo yachiwiri inali kuti? Ku Minnesota lamulo limalola zingwe ziwiri pa ayezi, ndiye bwanji umawedza ndi chimodzi? Masiku ovuta nsomba zambiri zimagwidwa pa ndodo imene sukuigwira n'komwe, imene amaitcha deadstick. Mbedza wamba yaing'ono, nambala 4 kapena 6, kamtovu pamwamba pake pafupifupi fiti imodzi, ndiye fathead kapena shiner (tinsomba ta nyambo) wamoyo womubaya pamsana kuseri kwa chipsepse, osakhudza fupa. Umutsitse mpaka atsale fiti imodzi kuti afike pansi, uike ndodoyo pa chidebe, uisiye. Bowo lake likhale pafupi ndi limene ukugwedezeramo. Jigging Rap ija iziitana, kansombako kazimaliza ntchito. Yakana chitsulo imatembenuka n'kupeza chakudya chenicheni chili pambali.

Tinthu tiwiri timene anthu amatinyalanyaza. Kansomba kakafooka sintha, chifukwa kakufa kongolendewera sikakopa kanthu. Koma kakakhala kamphamvu kwambiri, kamathawa walleye ikayandikira, ndipo walleye ya m'Januwale sifuna kuthamanga. Dulako pang'ono chipsepse cha kumchira kuti kazivutikira pamalo amodzi.

Yamikani, Minneapolis: Achemwali, mpaka kudula mchira? Nkhanza zimenezi munaziphunzira kuchipatala komweko?

A Nachisale, Duluth: Iwe Yamikani, amene amadula mutu wa minnow, kansomba ka nyambo, n'kuubaya pa nyambo yachitsulo yotchedwa supuni ndi ndani? Khala chete.

A Mwale, Nkhotakota: Pepani abale, ine ndingolowerera ngakhale ayezi ndimangomuona mufiriji. Choyamba, zoti munthu n'kuyendetsa galimoto pamwamba pa nyanja ndimazikanabe mumtima. Chachiwiri ndi funso. Kuno usipa timaukopa ndi nyali usiku, umasonkhana wokha pansi pa kuwala. Nanga inu bwanji osatsitsa nyali m'bowomo kuti nsomba zanuzo zibwere?

Bambo a Tadala, Fargo: Achimwene, funso labwino, koma nsomba iyi ndi yosemphana ndi usipa. Kumbuyo kwa diso lake kuli kachigawo kobweza kuwala, tapetum lucidum, kofanana ntchito ndi kamene kamawalitsa maso a nyama zoyenda usiku. N'chifukwa chake diso lake limaoneka lotuwa ngati galasi. Mumdima imaona bwino kuposa perch ndi tinsomba tina timene imadya, ndiye imadikira nthawi imene anzakewo ayamba kusaona. Kuwala kwambiri kumaisowetsa mtendere. Ine ngakhale sinowo wa pabowo sindichotsa wambiri ndikamawedza posaya, ndipo tochi sindiwalitsira m'madzi. Chimene timachita ndi nyambo zopaka penti wowala mumdima. Umaiwalitsa ndi tochi kwa kanthawi, n'kuitsitsa ikunyezimira pang'ono chabe.

Koma si nyanja zonse. Lake of the Woods, kumene ndimapita ine kudzera ku Baudette, madzi ake ndi ofiirira, kuwala sikulowa kwambiri. Kumeneko zimadya masana ndithu, usiku n'kukhala zii. Ndiye munthu asatenge ndandanda ya nyanja ina kukaigwiritsa ntchito pa ina.

A Gondwe, Winnipeg: Ndavomera kuti nsomba yoti yabwera usaithawe. Koma musamuphunzitse mwanayu ulesi. Nsomba zina zimene zimakwera n'kubwerera sizidya ngakhale utazipatsa chiyani, pomwe mamita 50 kuchokera pamenepo pali gulu lina lanjala. Ndiponso zochepetsa nyambozi si za paliponse. Madzi a kumwera kwa Lake Winnipeg ndi amatope, nsomba imamva nyambo isanaione. Kuno greenback, walleye zathu zobiriwira msana, timazigwira ndi nyambo zazikulu zaphokoso monga Rippin' Rap, ndipo tsiku lovuta nthawi zina phokoso lomwelo ndi limene limaikwiyitsa mpaka kuluma. Ndaonapo munthu atakhala ndi kambedza kake tsiku lonse, mnzake pambali akukoka ndi chinyambo chonga chikhatho.

A Nachisale, Duluth: Palibe akutsutsa, a Gondwe. Yambani ndi chachikulu chaphokoso kuti mudziwe ngati zilipo ndiponso kuti zili mumtima wotani. Zikakana ziwiri kapena zitatu motsatizana, imeneyo ndi yankho. Tsikani ku kasupuni kopepuka, 1/8 kapena 1/16 ounce, kopanda mikanda yolira, kokhala ndi mutu wa minnow basi. Zikakanabe, deadstick. Zikakana ndi deadstick yomwe ndipo dzuwa likadali pamwamba, pamenepo yendani. Ndandanda yake ndi imeneyo, osati kungothamanga ndi auger chifukwa miyendo ikuyabwa.

Mphatso, taonanso chingwe chako. Ngati ndi braid, chingwe choluka, mpaka ku nyambo, m'madzi oyera ngati a Mille Lacs chimaoneka. Lumikiza fluorocarbon wa mapaundi 6, amene saoneka kwambiri m'madzi, wotalika mafiti awiri kapena atatu, ndipo pakati uike ka swivel, kachitsulo koletsa chingwe kupotana. Chingwe chikapotana, nyambo imazungulira yokha nthawi imene iwe ukuganiza kuti yaima. Amene ali ndi kamera ya m'madzi amaziona zimenezi: nsomba imafika, nyambo ikuzungulira ngati yazunguzika mutu, nsomba n'kubwerera.

Mphatso, St. Cloud: Swivel panalibe. Nanga za malo? Eni kanyumba anati tili pamwamba pa mud flat.

Bambo a Tadala, Fargo: Ma mud flat a Mille Lacs ndi zitunda zamatope za pansi pa madzi. Pamwamba pake pamakhala mafiti 20 ndi chakuti, m'mbali mwake n'kutsetsereka kupitirira 30. Nyanja yonseyo pozama kwambiri ndi mafiti 42 okha. Masana walleye zimakonda kukhala m'munsi mwa chitunda kapena m'mphepete, kukamada n'kukwera pamwamba kudzadya. Ndiye ngati kanyumba kali pamwamba, masana tuluka ukabowole m'mphepete, madzulo ubwerere. Apa a Gondwe ndi ine tikugwirizana, kungoti ine kusamuka kwanga ndi kwa mamita ochepa.

M'matopemo muli mphutsi za tizilombo touluka totchedwa mayfly ndi tinyongolotsi tofiira, ndipo nsomba zimazolowera kutola pansi. Gwetsa supuni igunde pansi kangapo kuti matope afuke, kenako ikweze pang'ono n'kuima. Fumbi limenelo limaitana perch, ndipo kumene kuli perch walleye sizikhala kutali.

Pali chinanso chimene palibe nyambo ingachithetse. Chaka chimene perch zaswana kwambiri, nyanja imadzaza tiana tawo, walleye zimakhuta, ndipo asodzi onse amalira nyengo yonse. Nsomba zimakhala zilipo, zonenepa bwino, koma sizikusowa kanthu kwa iwe. Ukagwira yololedwa kutenga, poitumbula uone m'mimba. Mukakhala tiperch tating'ono, sankha nyambo ya msinkhu umenewo ndi mtundu umenewo.

Yamikani, Minneapolis: Nonse mwaiwala chachikulu. Loweruka linali tsiku lotsatira chimphepo, kumwamba kuli mbee, kuzizira koopsa, barometer yoyezera presha ya mpweya ili pamwamba. Tsiku lotero ngakhale mfiti sigwira. Ine ndimayang'ana pulogalamu ya nyengo pafoni, presha ikamatsika ndiye ndimanyamuka.

A Nachisale, Duluth: Zoti tsiku lotsatira chimphepo limavuta ndi zoona, ndaziona. Koma zoti chifukwa chake ndi presha ya mpweya ine ndimakayika. Kusintha kwakukulu kwa barometer kumangofanana ndi kulemera kwa madzi akuya fiti imodzi kapena kupitirira pang'ono. Nsomba ikakwera kudzanunkhiza nyambo ya Mphatso yasintha kale presha kuposa pamenepo. Ine ndimaloza kuwala. Mitambo ikachoka, dzuwa limalowa kwambiri pansi pa ayezi, makamaka ngati mphepo yasesa sinowo, ndipo nsomba ya maso otere imabisala. Komanso ambiri a ife timagwira ntchito, tsiku lopuma silisankha barometer.

Yamikani, Minneapolis: Kaya ndi presha kaya ndi dzuwa, mathero ake ndi amodzi, chidebe chopanda kanthu.

Mayi a Chisomo, Bemidji: Ndachedwa kulowa, ndinali kuntchito. Palibe watchula phokoso. Kuno timapita ku Upper Red Lake, ku Waskish. Nyanjayo ndi yosaya, malo ambiri mumawedza pa mafiti 8 mpaka 12. Nsomba ili pafupi ndi mapazi ako. Magalimoto akudutsa, majenereta akulira, ana akuthamanga, wina akubowola nthawi imene dzuwa likulowa. Kumayambiriro kwa nyengo zimapirira, koma pofika Januwale zimakhala zachoka pansi pa mudzi wa tinyumbawo. Ife bambo a kunyumba amatitengera kumapeto kwa msewu wolimidwa pa ayezi, kutali ndi gulu, ndipo mabowo onse timabowola dzuwa likadali m'mwamba. Nthawi yabwino ikakwana palibe amayenda.

Koma kutalikira gulu kukhale ndi nzeru. Nyanja yomweyi mu Novembala 2022 ayezi anang'ambika n'kuchoka kumtunda, anthu pafupifupi 200 anachita kupulumutsidwa. Mu Disembala 2023 zinachitikanso kwa anthu oposa 100. A DNR, nthambi ya boma la Minnesota yoona zachilengedwe, amati mainchi 4 a ayezi watsopano wooneka ngati galasi ndiye poyambira kuyendapo ndi miyendo, ndipo ayezi woyera wosakanikirana ndi sinowo mphamvu yake ndi theka, muyeso uwirikize. Funsani eni malo amene amalima misewuyo, amadziwa pamene pali ming'alu.

A Mwale, Nkhotakota: Mwaona? Ndimanena ine. Anthu 200!

Mayi a Chisomo, Bemidji: Onse anatuluka bwino achimwene, anawaikira kamlatho pamng'alupo. Koma mantha anuwo ndi abwino, asakuchokeni.

Mphatso, St. Cloud: Mnzanga wina akuti zikavuta tizingopita pozama kwambiri, akuti kumeneko sizikana.

Bambo a Tadala, Fargo: Nthawi zina n'zoona kuti pozama pamakhala nsomba, koma pali mtengo wake. Walleye ili ndi thumba la mpweya m'mimba limene silitha kutulutsa mpweya msanga. Ukaikoka kuchokera kupitirira mafiti 30, thumbalo limafufuma, nthawi zina mimba imatulukira kukamwa, maso kutong'oka. Ukaibweza imaoneka ngati yapita, koma zambiri zimakafera pansi pa ayezi. Tsono ganiza: pa Mille Lacs malamulo ndi okhwima, zina mwa zimene ungagwire uyenera kuzibweza. Pa Lake of the Woods za pakati pa mainchi 19.5 ndi 28 zimabwezedwa nthawi yomweyo. Kuwedza pozama pamene ukudziwa kuti zambiri uzibweza ndi kupha nsomba zoti sudya. Ine malire anga ndi amenewo, ngakhale tsiku litavuta bwanji. Ndipo malamulo a Mille Lacs amasintha kawirikawiri, uwerenge a nyengo ino pa webusaiti ya DNR usananyamuke, osadalira zimene anakuuza munthu chaka chatha.

Pobweza usaigoneke pa ayezi kuti ujambule. Kukazizira kwambiri maso ndi makha zimauma msanga. Chotsa mbedza ili pabowo pomwepo, mutu utsogole, ipite.

A Gondwe, Winnipeg: Mkangano wonsewu LiveScope, makina oonetsa nsomba zikuyenda pansi pa madzi, inauthetsa. Umatsitsa m'bowo limodzi n'kuona mbali zonse, kutali ndithu. Ukuona gulu lili uko, ukupita kukabowola pamutu pake. Ukuonanso mmene nsomba ikuchitira ndi nyambo, osati mzere chabe. Chibwerereni makinawa mu 2018 kuwedza kunasintha.

Yamikani, Minneapolis: Madala, mtengo wa chimenecho ndi lendi ya miyezi ingati? Mphatso ndi mwana wasukulu wa dzulodzuloli. Ndiponso ine chimandinyansa. Nsomba ilibenso pobisala.

Mayi a Chisomo, Bemidji: Apa ndili mbali ya Yamikani, pang'ono. Anthu a kuno sanaiwale kuti walleye za Red Lake zinatheratu m'ma 1990 chifukwa chogwira mopitirira. Boma la Minnesota ndi a Red Lake Nation, mtundu wa eni nthaka a ku America, amene ndi eni gawo lalikulu la nyanjayo, anachita kugwirizana kutseka usodzi wa walleye, kuthiramo tiana, n'kudzatsegulanso mu 2006. Kalelo tsiku lovuta linali tchuthi cha nsomba. Aliyense akakhala ndi makina oona chilichonse, tchuthicho chichokera kuti?

A Gondwe, Winnipeg: Mayi, chimene chimateteza nsomba ndi malire a zimene munthu atenga, osati umbuli wa msodzi. Kuno ku Manitoba mbedza zonse ziyenera kukhala zofinya kaminga kake, ndipo zazikulu timabweza. Ya masentimita 71 umaijambula, umalembetsa ku Master Angler, kaundula wa nsomba zazikulu, n'kuibweza. Ndipo ndikuuzeni, makinawo sakakamiza nsomba kudya. Amangokuonetsa bwinobwino mmene ikukukanira.

Yamikani, Minneapolis: Ndiye kulipira madola onsewo kuti uone chipongwe mu HD.

A Nachisale, Duluth: Mphatso, popeza akuuza kuti udikire mpaka mdima, mvera ichi. Hita ya propane m'kanyumba kotseka imapha, ndipo mpweya wake wa carbon monoxide sununkha. Mazenera a mpweya akhale otsegula, sinowo asawatseke, ndipo ugule ka alamu ka batire uzikanyamula wekha, usadalire ka eni nyumba. Mutu ukayamba kupweteka kapena tulo tikakugwira mwadzidzidzi, tuluka panja nthawi yomweyo.

Mdima ukagwa ukhoza kukoka chinthu choterera, chamawangamawanga, chokhala ndi kandevu kamodzi pachibwano, chimene chimakulunga mchira padzanja. Usakuwe. Ndi eelpout, ena amati burbot. Imeneyo nyengo yozizira ndiye nthawi yake, imaswana pansi pa ayezi chakumapeto kwa nyengoyo. Anthu ankaitaya kale, koma nyama ya kumsana kwake ndi yoyera, yokoma. Usiku umene walleye zakana, imeneyo imapulumutsa nsima.

Mphatso, St. Cloud: Nanga tip-up, kachipangizo kotchera chingwe pabowo kamene kamadzutsa mbendera nsomba ikagwira? Ndinaona ena atayika panja timbendera.

Bambo a Tadala, Fargo: Imawerengedwa ngati chingwe chako chachiwiri, ndiye usankhe: deadstick m'nyumba kapena tip-up panja, osati zonse pamodzi ndi ndodo yogwedeza. Ku North Dakota kuno timaloledwa zinayi, ku Wisconsin zitatu, koma iwe uli ku Minnesota. Uyeneranso kukhala pasanapitirire mafiti 200 kuchokera pamene ili. Ubwino wake ndi woti imakuyesera kuya kwina iwe uli pamodzi. Ngati kanyumba kali pamwamba pa chitunda, tip-up ikhale m'mphepete. Mbendera ikadzuka kawiri uko, wadziwa kumene zili. Poyenda kukaitenga usathamange, ndipo kansombako ukaike pamwamba pang'ono kuposa mmene ukuganizira, mafiti awiri kuchoka pansi, chifukwa walleye imaona bwino chimene chili pamwamba pake.

Mayi a Chisomo, Bemidji: Ma minnow otsala usathire m'nyanja, n'koletsedwa, amatayidwa m'zinyalala. Zinyalalanso zisagone pa ayezi ngakhale kwa kanthawi, lamulo la 2023 limafuna zikhale m'chotengera chomangirira ku kanyumba kapena m'galimoto. Nyengo ya walleye m'nyanja zambiri za Minnesota imatseka Lamlungu lomaliza la Febuluwale, ndiye masabata otsala si ambiri.

A Gondwe, Winnipeg: Kwanu kukatsekedwa bwerani kuno mu Malichi, ndiye mwezi wa greenback zazikulu pafupi ndi pamene Red River imathirira m'nyanja. Mphatso, ubwere ndi pasipoti, laisensi ya Manitoba ugule pa intaneti, ndi pulayala yofinyira mbedza. Deadstick ya a Nachisale ubwere nayo, tidzaiika pambali pa Rippin' Rap yanga tione.

A Nachisale, Duluth: Auger yo mudzanyamule nokha, a Gondwe. Mwanayu asadzakhale wobowolera inu mabowo tsiku lonse.